Geni ya Pambali Ikagwa M'ngongole, Adzagogoda Pakhomo pa Yani?

Lamulungu lina mwezi wathawu tinali ndi tsiku loyeza anthu kuthamanga kwa magazi pa tchalitchi chathu kuno ku Kazuni. Monga mwa nthawi zonse, ndinakhala pansi pa mtengo ndi kamakina kanga ndi kabuku kolembamo. Mwa anthu amene anabwera munali bambo ena, aphunzitsi a pulayimale, amene ndawadziwa kwa zaka zambiri kuti ndi munthu wodzisamala: sasuta, samwa, mchere amaupewa, ndipo kuntchito amapita pa njinga yakapalasa. Koma makina anaonetsa kuti BP yawo yapitirira patali 140 pa 90. Ndinawapumitsa mphindi khumi n'kuwayezanso, koma zinatuluka zomwezo.

"Aphunzitsi, kodi usiku mukugona?" ndinawafunsa.

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Amama, tulo tinathawa kalekale. Chigayo chija chandidya."

Anandilola kulemba nkhani yawo bola ndisatchule dzina. Zaka zingapo zapitazo anatenga ngongole yodulidwa ku malipiro n'kugula chigayo cha dizilo. Alamu awo, achimwene a mayi a kunyumba, anapereka malo, anamanga shedi, ndipo anati adziyendetsa chigayocho popeza aphunzitsi amakhala m'kalasi. Anagwirizana pakamwa kuti phindu azigawana pakati. Pepala panalibe, chifukwa ndani angapemphe mlamu wake kuti asayine? Zinayenda bwino mpaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dizilo ndi zipangizo n'kukwera mtengo. Alamu aja anayamba kutenga dizilo pa ngongole, kenako zitsulo za injini, kenako ndalama za katapila, konseko akunena kuti n'za chigayo. Zitafika pothina anakwera basi ya ku Joni. Eni ngongole sanavutike kuwalondola. Anadziwa amene amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi, ndipo anawapeza pasukulu pomwepo, ana akuona.

"Koma ine sindinasayine paliponse," anatero aphunzitsi. Mawu amenewa ndi amene andichititsa kuti mwezi uno ndisiye kaye za ndiwo zamasamba ndi madzi akumwa, ndilankhule za mapepala.

Ine si loya. Ndine kalaliki, sukulu ndinalekezera Fomu 4, koma zinthu izi ndinaziphunzira mokakamizika pamene ndinkalembetsa kageni kanga ka uchi. Chimene anthu ambiri sitidziwa n'chakuti m'malamulo a dziko lino, anthu awiri kapena kuposa akamachita bizinesi limodzi ndi cholinga chogawana phindu, amenewo ali kale mu ubale umene lamulo limautcha partnership, kaya alemba kaya sanalembe. Sufunika mwambo. Ndipo mu ubale umenewu aliyense amaimira mnzake. Mnzanu akatenga ngongole ya zinthu zimene bizinesi yotereyo imagwiritsa ntchito masiku onse, monga dizilo wa chigayo, ngongoleyo ndi yanunso, ndipo siilekezera pa ndalama zimene munaikamo. Ikhoza kufika pa njinga yanu, mbuzi zanu ndi ndalama za ku banki, khoti likalamula. Mwa awiriwo, wosavuta kumupeza ndi uja ali pantchito, chifukwa ali ndi malo odziwika ndi tsiku lodziwika lolandirira ndalama.

Taganizani za nthawi ya munthu wapantchito. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limalola abwana kukugwiritsani ntchito mpaka maola 48 pa mlungu. Ife osunga Sabata, kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa mpaka Loweruka dzuwa litalowa sitigwira geni. Chotsala ndi Lamulungu ndi timaola tamadzulo, mutatopa kale. Choncho geni yanu, masiku asanu pa mlungu, ili m'manja mwa munthu wina. Funso loyamba posankha mtundu wa bizinesi lisakhale lakuti dzina liti limveka bwino pa chikwangwani. Likhale ili: pamene ine ndili kuntchito, ndani ali ndi mphamvu yondilowetsa m'ngongole, ndipo zikavuta adzagogoda pakhomo pa yani?

Musanapite kulikonse, yambani mwawerenga kalata yanu ya ntchito ndi malamulo a pamalo panu. Mabwana ena amafuna kuti muwadziwitse kapena mupemphe chilolezo musanayambe bizinesi, ndipo palibe bwana amene angasekerere geni yopikisana ndi yake, kapena yochitika pa nthawi yake ndi galimoto yake. A m'boma samalani koposa: kugulitsa katundu ku ofesi kapena ku sukulu kumene inu nomwe muli nawo pa zosankha ogulitsa ndi nkhani yofika ku ACB, ngakhale bizinesiyo mwailemba m'dzina la akazi anu. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ntchito ndiyo phanga lanu lalikulu, musaligwetse pofuna laling'ono.

Njira yoyamba, imene ndimalimbikitsa anthu ambiri oyamba kumene, ndi bizinesi ya munthu mmodzi. Mumalembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General motsatira lamulo la Business Registration Act la 2012. Masiku ano zimatheka pa intaneti, ndipo amene foni yawo siilola amapempha wowathandiza akapita ku boma ku Rumphi kapena ku Mzuzu. Kenako mumatenga nambala ya msonkho, TPIN, ku MRA, ndi layisensi ku khonsolo ngati muli ndi malo ogulitsira. Ndi satifiketi imeneyi mukhoza kutsegula akaunti ya ku banki ya bizinesiyo. Kuipa kwake n'kwakuti pamaso pa lamulo inu ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi, ngongole yake ndi yanu yonse. Koma ubwino wake ndi womwewo: ngongoleyo mumaitenga ndinu, kapena amene mwamutuma. Wina sangakukwezeni phiri inu muli m'kalasi.

Mudzati, nanga m'bale amene akundiyendetsera? Mlembeni ntchito. Mumpatse malipiro odziwika, muonjezere kangachepe mwezi umene zayenda bwino, ndipo muuze ogulitsa dizilo ndi a golosale kuti pa ngongole satenga kanthu popanda mawu anu. Zikumveka zouma mtima, ndikudziwa. Kuno kwathu kunena kuti "mlamu wanga ndi wantchito wanga" kuli ngati mwano. Koma ndaona mabanja ambiri akudana chifukwa cha "tigawana" kuposa chifukwa cha malipiro. Wantchito amadziwa chimene alandire pa 30. Mnzanu wogawana naye phindu amaona ngati mukumubera mwezi uliwonse umene phindu lachepa, inunso mumamuganizira zomwezo. Ndipo ngati cholinga chanu n'kungothandiza m'bale kuti ayambe geni yake, m'bwerekeni ndalama molemberana, muzilandira zanu pang'onopang'ono, geniyo ikhale yake ndi m'dzina lake. Musamaime pamsika n'kumanena kuti "chigayo chathu" pamene si chanu, chifukwa amene wakumvani n'kukongoza podalira mawu amenewo akhoza kukugwirani nawo.

Pali nkhani ya msonkho imene apantchito ambiri amaiphonya. Amati PAYE amandidula kale, ndiye ndathana nawo. Ayi. PAYE ndi wa malipiro okha. Phindu la geni ndi ndalama zina zimene mwapeza, ndipo MRA ili ndi gawo lake pamenepo. Sungani malisiti, lembani zolowa ndi zotuluka. Ine ndinagula kope la ana a sukulu ndi simukhadi yapadera ya Mpamba yolandirira ndalama za uchi zokha. Chaka choyamba ndisanachite zimenezi ndinkaona ngati ndikupindula, chonsecho mabotolo ndi thiransipoti ndinkalipira kuchokera ku malipiro anga. Ngakhale chakhumi chinkandisokoneza, chifukwa sindinkadziwa kuti phindu lenileni ndi liti. Ndalama zitasiyana nyumba, zonse zinaoneka poyera, ndipo ndinachita manyazi pang'ono.

Sindikunena kuti kuchita bizinesi awiri n'kolakwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chigayo kapena ngolo ya ng'ombe si zinthu zoti wamalipiro a mphunzitsi angagule yekha mosavuta. Koma ngati mwasankha njira imeneyi, ilowereni maso ali tseguka. Lembetsani mayina onse awiri kwa Registrar General, ndipo lemberanani pangano musanagule ngakhale bawuti imodzi. Panganolo linene zimene aliyense wabweretsa ndi mtengo wake. Malo ndi shedi zija za alamu zinayenera kuwerengedwa ndalama, ndipo zinayenera kudziwika ngati zaperekedwa ku bizinesi kapena zangobwerekedwa. Linene ngati woyendetsa tsiku ndi tsiku alandira malipiro phindu lisanagawidwe. Ine ndimati alandire ndithu, chifukwa munthu wokhala m'fumbi la ufa tsiku lonse osalandira kanthu amadzilipira yekha mwakachetechete. Linene malire a ngongole imene mmodzi angatenge popanda mnzake, tsiku lowerengera ndalama limodzi, ndi njira yosiyanirana wina akatopa. Ku banki muzisayina nonse awiri. Mboni zikhalepo, kaya afumu kaya mkulu wa mpingo, ndipo aliyense asunge pepala lake.

Muikemonso za Sabata, momveka bwino. Loweruka ndi tsiku limene anthu ambiri amapita kuchigayo ndi kumsika, ndipo mnzanu amene si wa mpingo wathu sadzamvetsa kutseka tsiku la ndalama ngati simunagwirizane poyamba. Pa anthu awiri ofanana mphamvu, inu mulibe ufulu womulamula. Chimodzimodzinso za malonda: dera lathu lino ndi la fodya, ndipo golosale imayamba ndi sopo ndi shuga, mawa mupeza pa shelefu pali ndudu ndi timabotolo ta mowa chifukwa "ndi zimene zikuyenda". Nenani lero, chibale chikadali chokoma.

Koma mudziwe malire a pepalalo. Limakutetezani pakati pa inu awiri. Munthu wakunja amene sanadziwe za malire amene munaikirana, n'kukongoza mnzanu katundu wa bizinesi mwachilungamo, akhozabe kubwera kwa inu. Chimene pepala lingachite n'kukupatsani poyambira pokamutsata mnzanuyo kuti akubwezereni. Ngati ali ku Joni, mukudziwa nokha kutalika kwa ulendowo.

Njira ina ndi kampani, ija dzina lake limathera ndi Limited. Lamulo la makampani la 2013 limalola ngakhale munthu mmodzi kukhala ndi kampani yake. Pamaso pa lamulo kampani ndi munthu payokha: imagula, imagulitsa, imakongola ndi kusumiridwa m'dzina lake. Ikagwa, mwini masheya amataya zimene anaikamo, nyumba yake n'kutsala. Umwini umagawidwa m'masheya, ndiye n'zosavuta kunena kuti uyu ali ndi 60, uyo ali ndi 40, ndipo mwini masheya sakhala ndi mphamvu yokongola m'dzina la kampani chifukwa chongokhala ndi masheya. Mphamvu imeneyo ili ndi madayirekitala ndi amene iwo awatuma. Kwa munthu wokhala kuntchito mlungu wonse, chimenechi ndi chinthu chachikulu.

Komabe walira mvula walira matope. Kampani imafuna mabuku osungidwa bwino, malipoti a chaka ndi chaka kwa Registrar General ndi ku MRA ngakhale chaka chimene simunagulitse kanthu, ndipo kawirikawiri mumafunika kulipira wodziwa kuwerengera ndalama. Msonkho wa kampani ndi 30 peresenti ya phindu, ndipo phindu mukamaligawa kwa eni masheya pali msonkho winanso. Ndalama za kampani si zanu zoti mungotapa pakagwa maliro. Chinanso chimene achinyamata okonda mawu akuti "ndine dayirekitala" sauzidwa n'chakuti banki siikongoza kakampani katsopano popanda chikole. Idzafuna kuti inu mwini musayine kuti kampani ikalephera mudzabweza ndinu, ndipo mukasayina, mpanda uja mwauboola nokha. Dayirekitala wochita chinyengo, kapena wopitiriza kutenga ngongole akudziwa kuti kampani siingabweze, nayenso lamulo limamugwira iye mwini.

Ndiye kampani njoyenera yani? M'kuona kwanga, njoyenera pamene ngozi yake ndi yaikulu kuposa thumba lanu, kapena pamene anthu angapo aika ndalama zambiri. Galimoto yonyamula anthu pa msewu wa Rumphi, antchito angapo, makina okhoza kuvulaza, kapena kontirakiti yopereka chakudya ku bungwe lalikulu. Ndinaonapo mnyamata amene lamba wa chigayo anamukoka malaya, dzanja n'kuthyoka pawiri. Lamulo la chipukuta misozi cha antchito la 2000 limaika udindo pa wolemba ntchito munthu akavulala pa ntchito, ndipo ngati bizinesi ndi ya munthu mmodzi, wolemba ntchitoyo ndinu, ndi zonse muli nazo. Koma ngakhale muli ndi kampani, tchingani lambayo, gulirani mnyamatayo chophimba kumphuno chifukwa fumbi la ufa limawononga chifuwa, ndipo funsani za inshuwalansi. Koma wogulitsa mandasi, tomato kapena zovala za kaunjika Lamulungu lokha, kampani ndi suti yovala popita kudimba.

Ndatsala ndi njira imene ndimaikonda koma ndimaiopa, kopaletivi. Lamulo lake ndi la 1998, limafuna anthu osachepera khumi, ndipo kulembetsa kwake n'kwa mkulu woona za makopaletivi ku unduna wa zamalonda. Membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi masheya ambiri kaya ochepa. Sitifunika kupita kutali kuti tione kuti zimatheka: alimi a khofi a ku Phoka amagulitsa khofi wawo kudzera mu Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, ndipo khofiyo amafika kunja kwa dziko, kumene mlimi mmodzi sakanafika ndi thumba lake. Kwa ife a njuchi m'mphepete mwa Vwaza nzeru yake ndi yomweyo. Uchi wa m'mabotolo kuti ulowe m'masitolo akuluakulu umafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo malo osefera aukhondo amene iwo amafuna sindingamange ndi ming'oma yanga yochepayi. Anthu makumi awiri tikhoza. Kwa wapantchito n'zabwinonso chifukwa simufunika kukhalapo tsiku lililonse: mumapereka uchi wanu, mtedza kapena soya, n'kumabwera ku misonkhano. Chimene ndimaopa n'chakuti magulu ambiri amafa chifukwa mamembala amasiyira zonse wapampando ndi msungichuma, osafunsa mabuku mpaka ndalama zitatha. Ndipo misonkhano imakonda kuikidwa Loweruka. Khalanipo pa tsiku lolemba malamulo a gulu, mupemphe Lamulungu masana. Banki mkhonde musaisokoneze ndi kopaletivi. Ndi yabwino posunga ndi kubwereketsana, koma siisandutsa geni yanu kukhala yolembetsedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene sitikonda kukamba, imfa. Bizinesi ya munthu mmodzi, mwini akamwalira, katundu wake amalowa m'chuma chamasiye. Ya anthu awiri imatha mmodzi akamwalira, pokhapokha pangano litanena zina, ndipo pamenepo mpamene mayi wamasiye amauzidwa kuti "chigayochi chinali cha achimwene ndi ine, inu mulibemo". Kampani imapitirira, masheya okha ndi amene amapita kwa olowa m'malo. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi, mwamuna ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu, koma lamulo limagwira bwino ntchito pamene pali pepala loonetsa kuti chinthucho chinali cha yani. Akazi anu kapena amuna anu adziwe kumene kuli satifiketi, pangano ndi kope la ngongole. Ndipo kulemba wilu si kuitana imfa.

Ena amalembetsa geni m'dzina la mkazi pofuna kuthawa maso a abwana. Ngati mayiwo ndi amene akuyendetsadi, palibe vuto, ndipo n'chilungamo kuti ikhale yawo. Koma ngati n'chophimba chabe, dziwani kuti ngongole ndi msonkho mwaziika pamutu pawo, iwo osadziwa n'komwe kuchuluka kwake.

Aphunzitsi aja ndinawatumiza kuchipatala mlungu womwewo, chifukwa BP yotero siidikira kuti ngongole ithe. Anayamba mankhwala. Anapitanso kwa afumu limodzi ndi mkulu wa mpingo, anaitana eni ngongole onse, aliyense n'kubweretsa umboni wa zimene anapereka. Zinapezeka kuti ndalama zina za katapila sizinapite ku chigayo konse, zinagula tikiti ya basi, ndipo zimenezo akuzikana mpaka pano. Za dizilo ndi zitsulo anavomera kubweza pang'onopang'ono, molemberana. Chigayo achilembetsa m'dzina lawo, shedi akulipira lendi kwa apongozi, ndipo alemba mnyamata wa pamudzi pomwepo amene amabweretsa kope Lamulungu lililonse m'mawa kuti awerengere limodzi. Mayi a kunyumba akadali pakati, uku mwamuna uku mlongo wawo, ndipo foni yochokera ku Joni akuti imalira iwo akakhala okha.

Tidzayezanso BP Lamulungu loyamba la mwezi wamawa kuyambira 8 koloko m'mawa. Amene muli pa mankhwala bwerani ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo mukafika mukhale pansi kaye mphindi zisanu musanandipatse mkono.